KUDZITHANDIZA: MBIRI YA SAMUEL SMILES NDI MNZAKE WA KUNO KWATHU

 Inu a ku Mitundu, a ku Nathenje, ndi inu okhala m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, nkhani yathu idzatulukira kwanuko, ngakhale iyambira kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere.

Mau akuti "kudzithandiza" si achilendo m'makutu mwathu. Tidaŵamva pamene midzi inkaumba njerwa zomangira sukulu, timaŵamva pamisonkhano ya chitukuko, ndipo aliyense woyenda mumzinda wa Lilongwe amaona mabuku oyalidwa m'mbali mwa mseu olonjeza kuphunzitsa munthu njira ya kulemera ndi kupambana. Mabuku a mtundu umenewu ali nalo kholo lao. Kholo limenelo ndi mtolankhani wa ku Britain, dzina lake Samuel Smiles, amene mu 1859 adatulutsa buku lotchedwa Self-Help, ndiko kunena kuti kudzithandiza. Ndifuna kuti tione moyo wa munthu ameneyu, chifukwa zimene moyo wake uonetsa zisiyana ndi zimene anthu ambiri adatola m'buku lakelo. Tikatero tidzaona munthu wa kuno kwathu amene adayenda njira yofanana nayo, malemu D.D. Phiri.

Samuel Smiles adabadwa pa 23 Disembala 1812 m'tauni yaing'ono ya Haddington ku Scotland. Atate ake adali ndi kasitolo, ndipo ana m'banjamo adalipo khumi ndi mmodzi. Ali ndi zaka 14 adasiya sukulu nayamba kuphunzira ntchito kwa dotolo wina wa m'tauni momwemo, ndipo pambuyo pake adakaphunzira zaudotolo pa yunivesite ya Edinburgh. Mu 1832 mliri wa kolera udatenga atate ake. Amai ake ndiwo adatsala ndi sitolo ija pamodzi ndi ana onsewo. Adagwira ntchito usana ndi usiku, osataya mtima, mpaka ana adakula. Mumve bwino pamenepa: munthu amene dziko lonse lidamdziŵa ngati mphunzitsi wa kudziimira pawekha adaima chifukwa mai wamasiye adamchirikiza.

Udotolo sudamuyendere. Ku Haddington madotolo adali ochuluka, odwala olipira adali oŵerengeka, kotero kuti mnyamatayo ankangokhala osaona wobwera. Nthaŵi yopanda ntchitoyo adaigwiritsa polemba nkhani m'manyuzipepala, ndipo mu 1838 adaitanidwa kukakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Leeds Times, mumzinda wa Leeds kumpoto kwa England.

Leeds wa masiku amenewo udali mzinda wa mafakitale oomba nsalu, wodzala utsi, kumene ana aang'ono ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka mdima, ndipo mabanja ankapanikizana m'tinyumba topanda madzi abwino. Munthu wopanda chuma sankaloledwa kuponya voti. Smiles, monga mkonzi, sadalembe zouza amphaŵi kuti angolimbikira ntchito basi. Adalemba zofuna kuti malamulo asinthe, kuti anthu wamba aziponya voti, ngakhale akazi omwe, ndiponso kuti msonkho umene unkakweza mtengo wa tirigu uchotsedwe. Mu 1840 adakhala mlembi wa bungwe la mumzindamo lolimbikitsa kusintha kasankhidwe ka aphungu a Nyumba ya Malamulo. Zofuna za gulu la anthu apantchito lotchedwa Chartist adagwirizana nazo, koma adapatukana ndi atsogoleri ake ena, monga Feargus O'Connor, amene ankalankhula zogwiritsa mphamvu. Zaka zidapita, malamulo osasintha, ndipo mtima wake udayamba kufooka pa zandale. Adayamba kuganiza kuti malamulo abwino paokha sangamsandutse munthu waulesi kukhala wakhama, kapena chidakwa kukhala wodziletsa.

Tsono apa ndipo pali chinthu chimene ndifuna tikhalirepo pang'ono, chifukwa ndiwo muzu wa nkhani yonse.

Mumzinda wa Leeds mudali anyamata aŵiri kapena atatu, anthu osauka ogwira ntchito zamanja, amene adapangana kuti azikomana madzulo ataŵeruka kuti aziphunzitsana. Adayamba m'chipinda cha nyumba ya mmodzi wa iwo. Anzao atamva adayamba kubwera, chipinda chidachepa, ndipo m'nyengo yotentha ankaphunzirira panja m'kadimba ka kuseri kwa nyumba, mvula ikagwa n'kufafaniza masamu pa masileti ao. Nyengo yozizira itayandikira adasonkherana tindalama nafuna nyumba yalendi. Yotsika mtengo imene adaipeza idali chinyumba chimene kale chidagwiritsidwapo ntchito ngati chipatala cha odwala kolera, ndipo anthu ena onse ankachiopa. Iwo adaloŵamo, naikamo mabenchi ndi tebulo. Wodziŵa kuŵerenga ankaphunzitsa wosadziŵa, wodziŵa masamu pang'ono ankagaŵira mnzake pang'ono pakepo. Chiŵerengero chao chidafika pafupifupi 100. Mu 1845 adatuma nthumwi kwa Smiles kukampempha kuti adzaŵalankhule, ndipo iye adavomera.

Taganizani, abale anga. Munthu amene atate ake adafa ndi kolera aimirira m'chipatala chakale cha kolera, pamaso pa anyamata ovala zakuda ndi mwaye wa m'fakitale, naŵasimbira mbiri za anthu amene adayamba opanda kanthu nachita zazikulu. Adaŵauza kuti maphunziro si makwerero ongokwerera kuti munthu alemere kapena apose anzake, koma kuti munthu wapantchito aliyense ayenera kukhala ndi nzeru zotseguka ngakhale atakhalabe pa ntchito yomweyo moyo wake wonse. Nkhani zimene adakamba m'nyumba imeneyo ndizo zidadzasanduka buku la Self-Help. Chomwecho buku la kudzithandiza lidabadwira pagulu, pakati pa anthu othandizana. Ife tikadati lidabadwira pa dima, pamene mudzi umasonkhana kulima munda wa mmodzi lero, wa wina maŵa.

Chaka chomwecho cha 1845 Smiles adaloŵa ntchito ya ulembi pa kampani ya njanji ya Leeds and Thirsk, ndipo mu 1854 adasamukira ku kampani ina yaikulu, South Eastern Railway, ku London. Kumeneko adakhalako mpaka 1866. Mabuku ake otchuka adaŵalemba usiku, ataŵeruka ku ofesi. Self-Help atalimaliza adapita nalo kwa wosindikiza mabuku wotchedwa Routledge mu 1855, koma adalikana. Smiles adaliika m'bokosi, nalemba lina, mbiri ya George Stephenson, katswiri wa sitima zapamtunda, mwana wa munthu wosauka wa ku migodi ya malasha, amene adaphunzira kuŵerenga ali ndi zaka 18 pa sukulu yausiku. Bukulo lidatuluka mu 1857 ndipo lidagulidwa kwambiri. Pamenepo adafukula lija lokanidwa, nalipereka kwa John Murray, iye mwini navomera kusenza chitayiko ngati silidzagulidwa. M'chaka choyamba chokha mabuku 20,000 adatha. Pofika imfa yake adali atagulidwa opitirira 250,000.

Kodi m'bukumo muli chiyani? Mulibe njira zachidule zopezera chuma monga m'mabuku ena a masiku ano. Muli mbiri za anthu, wina pambuyo pa mnzake, mazanamazana. Muli Richard Arkwright, amene adayamba ndi ntchito yometa tsitsi nadzakhala mwini mafakitale opota thonje. Muli James Watt wa makina oyendera nthunzi, ndi Josiah Wedgwood woumba mbale. Chiphunzitso chake ndi chimodzi: khama, kupirira, kusunga nthaŵi, kusunga ndalama, ndi khalidwe loongoka ziposa nzeru zobadwa nazo. Chiganizo choyamba cha bukuli ndi mwambi wakale wa Azungu wonena za thandizo lakumwamba kwa munthu wodzithandiza yekha. Ambiri amayesa kuti mwambiwo uli m'Baibulo, koma mulibe.

Mmodzi mwa anthu osimbidwa m'bukumo timamdziŵa bwino kuno: David Livingstone. Smiles adafotokoza za mwana wa ku Blantyre wa ku Scotland amene adaloŵa ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, natenga gawo la malipiro ake a sabata yoyamba kugula buku lophunzirira Chilatini, namaliika pa makina kuti aziŵerenga chiganizo chimodzichimodzi podutsa. Ndipo mu 1859, chaka chimene Azungu adayamba kuŵerenga Self-Help, Livingstone yemweyo adali m'chigwa cha Shire, ndipo mu Sepitembala adafika pa nyanja yathu.

Wina amene sindingamlumphe ndi Bernard Palissy, woumba mbiya wa ku France, amene adakhala zaka za m'ma 1500. Munthu ameneyu adatha zaka pafupifupi 16 akufunafuna njira yopangira utoto woyera wonyezimira wopaka pa mbiya. Tsiku lina nkhuni zidamthera moto uli pakati m'ng'anjo. Adazula mpanda naponya pamoto. Utatha mpanda adathyola mipando ndi matebulo, kenaka matabwa a m'nyumba, mkazi ndi ana akulira nathaŵira kwa anansi kukanena kuti bambo apenga. Smiles asimba nkhaniyi moyamikira, popeza pomaliza pake Palissy adapambana. Ine ndikaiŵerenga mtima wanga umatsalira kwa mai uja, ndipo ndimafunsa kuti adalipo angati ena amene adatentha mipando yao utoto osatuluka, amene mbiri yao palibe adailemba. Mumsunge Palissy ameneyu, tidzamfuna tikafika ku Dzalanyama.

Bukuli lidamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Ku Japan, kumene lidamasuliridwa ndi Nakamura Masanao mu 1871, lidagwira mitima ya achinyamata koposa, pa nthaŵi imene dzikolo linkasintha kuti lifanane mphamvu ndi maiko a Azungu. Akuti mmodzi mwa oliŵerenga adali Sakichi Toyoda, mwana wa kalipentala, wopanga makina oombera nsalu, amene banja lake lidadzayambitsa kampani ya Toyota. Mukakwera minibasi ya Toyota pa mseu wa ku Bunda, dziŵani kuti pali kachingwe kakang'ono kochokera pamenepo kukafika ku chipatala cha kolera chija.

Komatu kutchuka kudadza ndi tsoka lake. Eni mafakitale adalikonda bukuli pa chifukwa chao. Lidaŵapatsa mau oyankhira wantchito wodandaula za malipiro: ngati uli wosauka, mlandu ndi wako, sudalimbikire. Ankaligula n'kumapereka ngati mphotho kwa ana asukulu ndi kwa antchito. Nawonso omenyera ufulu wa apantchito adayamba kulinyoza, nati ndi buku lophunzitsa dyera. Smiles zidamuŵaŵa. M'mau otsogolera a kusindikiza kwa 1866 adadandaula kuti dzina la bukulo lasokeretsa anthu amene adangoona chikuto, nayesa kuti likutamanda kudzikonda, pamene iye ankatanthauza kuti wodzithandiza moona ayeneranso kuthandiza anansi ake. M'buku lina lotchedwa Thrift, la 1875, lonena za kusunga chuma, adadzudzula ndi ukali chizoloŵezi cha akuluakulu chokana mlandu. Adati anthu akamwa madzi oipa, akagula chakudya chosakanizidwa ndi zonyansa, akafa ndi malungo m'tinyumba topanda ngalande, ukafunsa wolakwa umayankhidwa kuti palibe, ndipo "Palibe" ameneyu ndiye wapha anthu ochuluka koposa. Adafuna kuti boma liike malamulo a zaumoyo. Koma mau ameneŵa sadamveke kutali monga lidamvekera dzina la buku loyamba lija.

Mu 1871 adagwidwa ndi matenda opha ziŵalo, kotero kuti adachita kuphunziranso kuŵerenga ndi kulemba ngati mwana. Adachira, nalembanso mabuku ena, monga Duty la 1880. Atakalamba dziko lidali litasintha, anthu atatopa ndi malangizo ake, ndipo buku lake lomaliza, limene adalitcha Conduct, wosindikiza wake yemwe uja adalikana. Silidatuluke konse. Adamwalira ku London pa 16 Epulo 1904 ali ndi zaka 91.

Tiyeni tsopano tibwerere kwathu. Ngati pali Mmalaŵi amene ntchito yake ifanana ndi ya Smiles, ameneyo ndi Desmond Dudwa Phiri, amene tonse tinkangomutchula kuti D.D. Phiri. Adabadwa mu 1931 m'boma la Mzimba. Pa nthaŵi ya unyamata wake m'dziko muno mudalibe yunivesite, popeza University of Malawi idatsegulidwa mu 1965, ndipo sukulu zasekondale zidali zoŵerengeka pa zala za dzanja limodzi. Iye adalimbikira kuŵerenga mpaka adapata digiri ya zachuma ya University of London. Adagwira ntchito m'boma, kuphatikizapo ya ukazembe kunja kwa dziko lino, ndipo atapuma mu 1976 adatsegula ku Blantyre sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, Aggrey Memorial School. Dzinalo adatengera kwa James Aggrey, mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, amene adacheza kuno ku Nyasaland mu 1924 nadabwitsa anthu poona munthu wakuda wophunzira chotero. Sukulu ya a Phiri idali ya anthu amene chitseko cha sekondale chidaŵatsekekera: kalaliki wa m'sitolo, mphunzitsi wa kumudzi, mesenjala, aliyense wofuna kulemba mayeso payekha. Adalembanso kabuku ka malangizo kwa ophunzira paokha, ndipo kwa zaka zambiri nkhani zake zinkatuluka sabata ndi sabata m'nyuzipepala ya The Nation, zokamba za chuma, mbiri, ndi kufunika kwa kuŵerenga. Monga Smiles, ankakonda kuphunzitsa ndi zitsanzo za anthu, ndipo monga Smiles, ankabwereza mfundo imodzi kaŵirikaŵiri osachita nayo manyazi.

Kusiyana kwao kuoneka tikafunsa kuti kodi aliyense adasankha kulemba mbiri za yani. Smiles adalemba za opanga makina, omanga milatho ndi eni mafakitale. A Phiri, m'zaka za m'ma 1970, adalemba mndandanda wa timabuku totchedwa Malawians to Remember, ndiko kuti Amalaŵi oyenera kuŵakumbukira. M'menemo muli Inkosi Gomani yachiŵiri ya ku Ntcheu, imene idachotsedwa paufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Muli James Frederick Sangala, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Muli mbusa Charles Chinula, muli Dunduzu Chisiza amene adafa pangozi ya galimoto mu 1962, ndiponso muli John Chilembwe. Palibe mmodzi mwa ameneŵa amene timamkumbukira chifukwa cha chuma chake. Onse adali anthu odziphunzitsa ndi odzilimbikira, inde, koma adafika pamalo pamene khama la munthu mmodzi lidagunda khoma, ndipo khomalo lidali lamulo.

Chilembwe ndiye chitsanzo choonekeratu. Atabwerako ku America mu 1900 adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Ankaphunzitsa anthu ake zimene Smiles akadaziombera m'manja: kugwira ntchito molimbika, ukhondo, kupeŵa moŵa, kusoka, kulima mbeu zogulitsa, kumanga ndi njerwa. Koma pafupi pomwepo padali minda ya A.L. Bruce ku Magomero, ya banja la mdzukulu wa David Livingstone yemwe uja, kumene anthu ankagwira thangata, ndipo matchalitchi a Chilembwe omangidwa pa malowo ankatenthedwa. Mau akuti thangata pachiyambi adali mau abwino, otanthauza kuthandiza, monga munthu athangatira mfumu kapena mnansi wake. Atsamunda adaŵatenga naŵasandutsa dzina la ntchito yokakamiza. Zimene zidachitika mu Januwale 1915 muzidziŵa nonse. Mau okoma atha kubedwa, ndipo akuti kudzithandiza nawonso adabedwapo, ku England ndi kuno komwe.

Inu alimi achikulire a ku Mitundu ndi ku Nathenje simusoŵa wokuuzani zimenezi. Dera lanulo ndi la nthaka yabwino, ndipo lidali mkati mwa chitukuko chachikulu cha zaulimi cha m'boma la Lilongwe chimene chidayamba mu 1968. Sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pakhomo panu. Za khama palibe angakuphunzitseni: kufesa nazale, kuthirira m'maŵa ndi madzulo, kuokera, kuthyola, kusoka, kufuka fodya wa chikopa usiku wonse osagona. Koma kufikira 1990 lamulo silinkalola mlimi wamng'ono wa pamudzi kulima fodya wa bale, amene adali ndi ndalama zambiri. Ameneyo adali wa eni maesiteti okha. Fodya wanu munkagulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwiratu, wotsika kutali ndi umene ankagulidwira ku okushoni. Munthu akadabwera masiku amenewo ndi buku la Smiles m'manja, nakuuzani kuti umphaŵi wanu ndi chipatso cha ulesi, akadakhala akunama, ndipo ndikhulupirira kuti Smiles mwini wake, mkonzi uja wa ku Leeds amene adalimbana ndi msonkho wa tirigu, akadakhala mbali yanu.

Sindikunena kuti khama lilibe ntchito. M'mudzi uliwonse timaŵadziŵa anthu aŵiri a minda yofanana, mvula imodzimodzi, mtengo wa fodya umodzimodzi, wina n'kufolera nyumba ndi malata, mnzake ndalama zonse n'kuthera pa Mitundu tsiku la msika, kubwerera kunyumba ndi wailesi yokha ndi ngongole. Pamenepo Smiles adanena zoona, ndipo buku lake la kusunga chuma likadali ndi mau kwa ife. Cholakwa ndi kutenga theka la choona n'kuliyesa chathunthu.

Tsono tifike ku nkhalango. Dzalanyama idakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 99,000. Kwa Acheŵa ndi malo aulemu, popeza m'mapiri amenewo ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba ndi nyama adatsikira nasiya mapazi pathanthwe. Ndimonso muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amasungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo ndiwo madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa. Aliyense wodzuka mbandakucha pa miseu yochokera kumeneko adaŵaonapo amuna okankha njinga zosenza matumba a makala, osanjikizana mpaka kupitirira mutu, ulendo wa makilomita makumi angapo kupita mumzinda. Ndikufunsani: kodi m'buku lonse la Smiles muli munthu wakhama kuposa ameneyu? Adzuka usiku, agwetsa mtengo ndi nkhwangwa, aunjika uvuni, aulonda masiku angapo, akankha katundu wolemera kuposa thupi lake pokwera ndi potsika, sapempha kanthu kwa munthu. Ana ake apita kusukulu ndi ndalama za makala. Ngati kudzithandiza ndi kumeneku, iye wakhoza mayeso onse.

Koma ameneyu ndiye Palissy wathu uja. Akuponya pamoto mpanda ndi mipando, kusiyana kwake n'kwakuti mipandoyo si yake yekha. Ndi ya mudzi wonse, ndi ya mai wa ku Chinsapo amene mpope wake udzauma, ndi ya mlimi wa kumunsi amene dimba lake lidzakwiririka ndi mchenga, ndi ya mwana wa wootcha makala yemweyo. Zinthu zidafika poti mu 2015 asilikali a nkhondo adatumizidwa kukalonda nkhalangoyo, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa. Ndipo mukafunsa kuti watha mitengo ya ku Dzalanyama ndani, mudzakomana ndi "Palibe" uja wa Smiles. Wootcha adzati ndi njala. Wogula mumzinda adzati magetsi ndi odula, ndiponso amazimazima, nanga ndiphikire chiyani? Woyendetsa lole adzati ine ndangonyamula. Wa pa chipata cha pamseu adzati sindidaone. Aliyense wadzithandiza, ndipo phiri likuyera.

Kuuza wootcha makala kuti alimbikire ntchito ndi chipongwe, popeza akulimbikira kale kuposa ife olankhula pa wailesi. Kumgwira ndi kumlanda njinga kumangomsandutsa mdani wa nkhalango. Chimene chingamchotse m'nkhalangomo ndi ntchito ina yodyetsa ana ake, ndiponso njira ina yophikira kwa anthu a mumzinda, ndipo ziŵiri zonsezi munthu mmodzi sangazipange yekha. Mutu umodzi susenza denga. Ming'oma ya njuchi ifuna gulu loti lipeze msika wa uchi. Nkhalango ya mudzi ifuna mfumu ndi anthu ake kupangana malamulo ndi kuŵasunga. Mtengo wa magetsi ndi wa gasi uli m'manja mwa boma, ndipo boma limamva anthu akalankhula pamodzi.

Anyamata a ku Leeds aja ali nawo abale ao pakati pathu, ngakhale sitiŵatchula ndi maina aakulu. Amai a banki m'khonde amene amakomana sabata ndi sabata pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi kabuku kake ka masheya, akuchita zimene Smiles adalemba m'buku la kusunga chuma, ndipo akuzichita pagulu, mmene zimathekera. Sukulu za kwacha zidaphunzitsa agogo athu kulemba maina ao m'njira yomweyo. Malawi Correspondence College, imene idayamba mu 1965, idafikitsa maphunziro a sekondale kwa ana osasankhidwa kudzera m'makalata ndi pa wailesi, ndipo ambiri mwa masukulu a sekondale oyendera a m'midzi mwathu adaphuka pa malo amene ophunzira amenewo ankasonkhanirapo, m'nyumba zimene makolo adaumbira njerwa ndi manja ao. Pempho langa kwa magulu otereŵa a ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Malingunde ndi laling'ono: mukatha kuŵerengera ndalama, khalaniko theka la ora, wina aŵerenge mokweza nyuzipepala kapena buku, ena afunse mafunso. Mwana wa Fomu 4 amene akungokhala pakhomo angathe kukhala mphunzitsi wa masamu wa gulu lonse.

D.D. Phiri adalemba mpaka ukalamba wake, ndipo adatisiyira mabuku aŵiri aakulu a mbiri ya Malaŵi, buku la mbiri ya Angoni, ndi lina lalikulu la moyo wa Chilembwe. Adamwalira mu Malichi 2019 ali ndi zaka 88. Amene mufuna kuŵerenga mabuku ake, kafunseni ku nyumba ya mabuku ya National Library Service mukapita ku Lilongwe, ndipo wopitayo abwerekeko ndi la mnzake wotsala kumudzi.